Nyumba Yanga ya Papaya Pakhomo

Nkhani iyi ana anga amandiletsa kuinena pagulu. Akuti, "Ababa, mumatichititsa manyazi." Koma manyaziwo ndi anga, ndinawagula ndekha pamodzi ndi nyumba, ndiye ndisiyeni ndiwagawe. Mukaimva simudzandipatsanso moni ndi manja awiri.

Anali masiku a Chitaganya. Ine ndinali kalipentala pa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje, ntchito yanga kukhoma mabokosi, kho! kho! kho! dzuwa mpaka kulowa. Ndinakwatira ku Thuchila, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinali mkamwini. Amene sanalaweko chikamwini sangandimvetse. Nyumba wamanga ndiwe, koma si yako. Mango wadzala ndiwe, koma ukathyola limodzi umamva apongozi akutsokomola kuseri kwa nkhokwe.

Kenaka mwayi unandigwera. Mmwenye wina wa ku Limbe wopanga mipando anaona ntchito ya manja anga n'kundilemba. Ndinkagona mu wekishopu momwemo, pa utuchi, mkazi wanga Esnati ndi mwana wathu wakhanda atatsala kumudzi. Ndinkawasowa, abale, osanama ayi. Lamulungu likakwana ndinkangokhala pakhomo pa wekishopu n'kumayang'ana kumene kuli phiri la kwathu.

Ndinalimba mtima n'kupita kwa a Namakhwa, atsibweni ake a Esnati, amene anali mwinimbumba. Popanda mawu awo, mkazi wanga sakanasuntha pamudzipo.

"Mukufuna kumutengera kuti?" anandifunsa.

"Ku tauni, bambo."

"Tauni ndi dzina la nyumba? Mwana wa mlongo wanga akagone pa utuchi? Pezani nyumba, ndikaione ndi maso angawa. Ikandikomera, mumutenga. Ikapanda kundikomera, mubwerera konkuno muzidzalima nandolo."

A Namakhwa sankabwereza mawu, ndipo sankaseka pamaso pa mkamwini.

Ndinamanga lamba. Njinga ndinagulitsa, fodya ndinasiya, nyama ndinkangoinunkhiza podutsa pamsika. Mapeto ake ndinamva za telala wina, Jailosi, amene ankasamukira ku Halale ndipo ankagulitsa nyumba yake ku Soche, lokeshoni yatsopano.

Ndinakaiona kamodzi kokha, masana, ndikuthamangira kuntchito. Nyumba za kumeneko zinali m'mizeremizere, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Pachitseko chilichonse panali nambala. Jailosi anandiuza nambala yanga, ine n'kumangoti "eya, eya," ikutulukira khutu linalo. Nambala ndinkaidziwa pa mabokosi a tiyi, ya azungu yowerengera katundu wawo. Kwathu nyumba ya munthu umaidziwa ndi mtengo: kwa uje ndi pamkuyu paja, kwa uje ndi pansi pa mpoza. Ndiye ndinayang'ana pakhomopo n'kuona papaya wamtali, wobereka bwino. Basi, ndinasunga papayayo mumtima.

M'kati munali mitolo yokhayokha, munthu akulongedza.

"Zolemera zina ndikusiyirani," anatero Jailosi pondipatsa kiyi. "Mlongo wanga azisesa ndi kuyang'anira mpaka mubwere. Mukafika, iye azipita kwawo."

Patapita milungu ingapo ndinapempha holide n'kukatenga a Namakhwa. Anavala jekete yawo ya kunkhondo, ine nditasenza nanazi, nandolo ndi mtolo wa mbewu ya chinangwa. Tinakwera lole ya esiteti mpaka ku Limbe, kenaka wapansi mpaka ku Soche.

Titafika, mutu unayamba kuzungulira. Mzere uwu, mzere uwo, zonse chimodzimodzi!

"Mkamwini, mukudziwa kumene tikupita?"

"Aaa, bambo, ine ndine wa m'tauni tsopano. Musadandaule."

Thukuta lili kamukamu. Kufunsa munthu pamaso pa a Namakhwa kuti nyumba yanga ili kuti? Bola kufa! Mwadzidzidzi ndinamuona: papaya wamtali uja, ali chilili pakhomo.

"Tafika, bambo. Ndi pano."

Chitseko chinali chotsegula. Mayi wina ankatsuka mbale pakhonde, ana awiri akusewera pambali. Ndinati mumtima, mlongo wa Jailosi ndi ameneyu.

"Odi pano!"

"Odini, lowani!" Anagwada, n'kuyang'ana nanazi uja, n'kumvetsera tikunong'onezana Chilomwe. "Kodi mwachokera ku Mulanje?"

"Eya, ndife tomwe."

"Iii, takulandirani! Ankandiuza kuti tsiku lina mudzabwera."

Tsopano ndikuuzeni zoona zake, kuti mundiseke ndi mtima wonse. Imeneyo sinali nyumba yanga. Yanga inali mzere wakuseri, ndipo papaya wake anali atagwa ndi mphepo. Mayiyu anali Nachisale, wa ku Dowa, mkazi wa a Muheya, gadi wa sitima. A Muheyawo kwawo kunali ku Limbuli, ndipo masiku amenewo anali paulendo wa kuntchito. Nachisale anali asanaonepo abale a mwamuna wake. Ataona anthu a ku Mulanje, olankhula Chilomwe, mphatso zili pamutu, anadziwa kuti kuchimuna kwafika.

Ndipo mukudziwa mmene tinaleredwera. Mlendo sumufunsa dzina asanadye. Akadya, wachedwa, kufunsa tsopano ndi chipongwe. Inenso, mayi woti wandithirira madzi osamba m'manja, ndikanayamba bwanji kumufunsa kuti achoka liti? Tonse awiri tinangokhala chete mwaulemu, aliyense akuyesa mnzake ndiye mlendo.

Titamwa tiyi wa mkaka, ndinayamba kuonetsa a Namakhwa chuma changa.

Abale inu! Bedi lachitsulo la masipulingi. Tebulo yokhala ndi nsalu yoluka. Mpando wa ndalema. Pakona, galamafoni! Mtima wanga unati, Jailosi iwe, Mulungu akudalitse kumene uliko.

"Zonsezi ndi zanu?" anafunsa a Namakhwa, akudinikiza bedi ndi chala.

"Zonse, bambo. Banyira."

"Hmm."

"Hmm" wa a Namakhwa anali wosowa kuposa shuga. Ndinatukumuka, n'kuitana mayi uja.

"Mayi, akuluwa azigona m'chipinda chachikuluchi. Inu ndi ana muone pena."

"Chabwino, alamu."

Alamu? Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati m'tauni mwina aliyense ndi mlamu. Anatenga mkeka wake n'kukayala kukhitchini, osadandaula ngakhale pang'ono.

Tsiku lotsatira anatiphera nkhuku. Linzakelo anatiphikira mpunga wa nsomba. A Namakhwa anayamba kusalala masaya, akungokhala pa ndalema kumvera galamafoni. Koma ine nkhawa inandigwira. Mayiyu sankaonetsa n'komwe zolongedza. Ndinaganiza zomukumbutsa mwanzeru.

"Mayi, kwanu mvula siinayambe? Anzanu adzala kale."

"Kwathu imachedwa, alamu. Koma ku Mulanje ndimamva kuti siikata. Minda yanu mwasiyira ndani?"

"Ilipo ndi eni ake. Paja amati mlendo ndi mame, mayi."

"Zoona, alamu. Sachedwa kukamuka."

Tinasekererana, aliyense akuti mnzangayu wamva.

M'mawa wina ndinadzuka ndi mphamvu za mwini khomo. Chitseko chakumaso chinkakhula pansi, ndipo kalipentala sangapirire zotere. Ndinachizula n'kuchigoneka pabwalo kuti ndichipale. Kenaka maso anagwera pa maluwa amene anali m'mbali mwa khonde, ofiira ndi achikasu. Maluwa amadyedwa? Ndinatenga khasu, zuu! zuu! n'kuyamba kubzala chinangwa changa.

Nachisale anatuluka atagwira mbale, dzanja lina lili patsaya.

"Alamu, pepani. Maluwawo eni ake amawakonda kwambiri. Akabwera adzandifunsa."

Ndinaimika khasu. Ndinati mayiyu mlongo wake Jailosi sanamuuze bwino, ndimuthandize.

"Mayi, amene ankakonda maluwa aja anapita. Sabweranso kuno."

Mbale imene anagwira inagwa pansi, ngwe!

"Sabweranso?"

"Ayi ndithu. Ulendo umene uja ndi wautali. Kodi palibe anakuuzani?"

"Mayo ine! Ndiye chimene mwabwerera ndi akuluwa?"

"Eya. Ndimafuna kukuuzani tsiku lomwe lija, koma ndinasowa poyambira."

Anakhala pansi pafumbi pomwepo. "Nanga ine ndi anawa?"

"Musade nkhawa, sitikuthamangitsani lero. Konzekani pang'onopang'ono, mukapeza mpata muzipita kwanu. Katundu yekhayu ndiye atsala."

Anadzuka n'kuthamangira kuseri, akulira. Ine ndinapukusa mutu n'kuuza a Namakhwa, "Akazi a m'tauni, bambo. Kulirira maluwa!"

Ndikakumbukira pamenepa, mpaka lero manyazi amandigwira. Mayi wosalakwa uja ndinamuphera mwamuna wake ndi pakamwa, khasu lili m'manja.

Koma nthawi imeneyo ndinali ndi pulogalamu. Ndinafuna kupaka laimu m'nyumba monse kuti Esnati adzapeze mowala. Ndinayamba kutulutsa katundu: tebulo panja, mipando panja, bedi panja, galamafoni pamwamba pa bedi.

Tsono taganizani zimene anthu a mumzerewo anaona. Chitseko chazulidwa. Katundu ali pabwalo. Mayi akulira kuseri. Mkulu wachilendo wa jekete wakhala pa ndalema, nkhope ili gwa. Paliponse m'dziko muno, zimenezi zimatanthauza chinthu chimodzi.

Anayamba kubwera. Amayi atafunda nsalu, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi nkhuni, akulowera kuseri mwakachetechete. Abambo akuvula zipewa n'kukhala pansi m'mbali mwa mpanda. Mtima wanga unasefukira ndi chimwemwe. Anthu a ku Soche ulemu wake! Amva kuti mwini nyumba watsopano wafika!

A Namakhwa anandikodola.

"Mkamwini, anthuwa akhala ngati pamaliro."

"Ayi, bambo, ndi sitayilo ya m'tauni. Amati welukamu."

"Nanga kulirako?"

"Akutsanzikana ndi mnzawo."

Ndinapukuta manja n'kuyamba kuzungulira, kugwira chanza mmodzimmodzi, mano onse ali pamtunda. Bambo wina wachikulire wa tayi, mkulu wa mpingo, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani kwambiri, achimwene."

"Aaa, palibe kanthu. Kantchito kakang'ono aka, pofika mawa tiiwala."

Anandiyang'ana. "Zachitika liti?"

"Kalekale, mwezi watha. Kungoti mayiwa sanauzidwe."

"Mwezi watha! Nanga mwambo ukachitikira kumudzi kapena konkuno?"

"Konkuno! Akangofika akazi anga tifulula thobwa, tiliza galamafoniyo, tivine mpaka miyendo itupe. Nonse mwaitanidwa!"

Wina anati, "Alomwe awa, mitima yawo!" Mkulu wa mpingo uja anabweza dzanja lake n'kulipukuta pa thalauzi.

Nthawi yomweyo ndinaona munthu akubwera mumsewu, wamfupi, wonenepa, yunifolomu yakuda, kapu kumutu, kachikwama m'manja. Anaima pampanda n'kuyang'ana bedi, n'kuyang'ana chitseko, n'kuyang'ana anthu. Abambo amene anakhala pafupi naye anadzuka n'kubwerera chafutambuyo. Mayi wina amene ankabwera ndi ndowa ya madzi anaiponya n'kuliyatsa liwiro, akukuwa.

"Wamwalira ndani pakhomo panga?" anafunsa munthuyo.

Gogo wina anamuloza ndi ndodo. "Inuyo!"

Nachisale anatulukira kuseri. Atamuona anakuwa, "Bambo a Tereza!" n'kumugwera m'miyendo, akumugwiragwira mawondo kuti aone ngati ndi munthu weniweni.

Munthu wanzeru akanazindikira pamenepo. Ine ayi. Ndinapita kwa bamboyo mwaulemu wonse, n'kumugwira paphewa.

"Pepani, bambo, mwati pakhomo panu? Mwasokera. Sindikukuimbani mlandu, nyumbazi n'zofanana. Ndikupatseni nzeru: muziyang'ana mtengo. Pano ndi panga, papaya uyu."

"Papaya ameneyu ndinadzala ndine!"

Anatembenukira kwa mkazi wake. "Amenewa ndi abale ako a ku Dowa?"

"Anga? Si abale anu a ku Mulanje?"

"Sindinawaonepo chibadwire!"

A Namakhwa anadzuka pa ndalema paja pang'onopang'ono, ngati mpandowo wayamba kutentha.

"Mkamwini," anatero motsitsa mawu, "tulutsani kiyi."

Chitseko chinali chigonere pabwalo. Ndinagwada pamaso pa Soche yense n'kulowetsa kiyi wanga. Anakana. Ndinamutembenuza, ndinamulavulira, ndinamupempha mumtima. Anakana ndithu. A Muheya anatulutsa wawo m'thumba, n'kuwerama, n'kupotokola kamodzi: kwatsa!

"Nyumba munagula kwa ndani?" anandifunsa.

"Kwa Jailosi, telala."

Khamu lonse linayankha pamodzi, "Kuseri uko!"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anandiperekeza onse, ana omwe, ngati mkwati. Mzere wakuseriwo tinapeza chitsa cha papaya, ndi mayi wina wowonda atakhala pakhonde ndi tsache, nkhope ili ndwii. Ameneyo ndiye anali mlongo wa Jailosi.

"Ndinu a kalipentala? Mwandikhalitsa! Ndimati mwafera panjira."

Kiyi analowa bwinobwino. M'katimo munali mbee. Zolemera zimene Jailosi anandisiyira zinali mtondo wong'aluka ndi mafuwa atatu.

A Namakhwa anasuzumira, osanena kanthu, ngakhale "hmm." Ndinadziwa kuti zanga zada. Esnati sabwera, ndipo ine ndikafera ku nandolo.

Ndinabwerera kwa a Muheya n'kugwada pafumbi, pamene panali maluwa paja. Mawu anga anali amodzi okha, opepesa. Nachisale ndiye anali nawo ambiri.

"Inu! Nkhuku yanga mwadya, bedi langa mwagonera, ine ndikulumidwa ndi nyerere kukhitchini. Osakhuta, mwandiphera mwamuna! Mukanakhala mpaka Lamulungu bwenzi mutandimeta mpala!"

"Pepani, mayi."

"Ndimati Alomwe ndi mmene amachitira, mkulu akafika kwa mng'ono wake zonse ndi zake. Ndimangopirira kuti ndisanyozetse kwathu!"

Ndinkadikira kuti a Muheya anditengere kupolisi. Anali ndi chifukwa chokwanira. Koma ndinamva kaphokoso, ndipo nditakweza maso ndinaona mimba yawo ikugwedezeka. Anaseka mpaka kukhala pa bedi lija pabwalo pomwepo, misozi ili mbwembwembwe.

"Akuti ndiziyang'ana mtengo! Amwene, kwanu ndi kuti?"

"Ndinakwatira ku Thuchila, koma amayi ndi a ku Muloza."

"Ndiye ndinu wakwathu! Dzukani. Ine ndaona maliro anga ndili moyo, ndipo ndadziwa amene adzabwere ndi amene sadzabwera. Ndi angati ali ndi mwayi umenewu? Koma chitseko changa mubwezere, ndipo chisakhulenso pansi."

Tsono imvani zimene anthu aja anachita. Amayi aja amene anabwera ndi ufa ndi nkhuni za pamaliro anayang'anana. Mkulu wa mpingo uja anati, "Zinthu zabwera kale, sizingabwerere. Malirowo palibe, koma kuseriku kuli munthu wosauka nzeru amene alibe ngakhale mkeka." Ananyamula zonse kupita nazo kwanga. Wina anawonjeza mkeka, wina kampando, wina nyale. Nachisale yemweyo, akadali kung'ung'udza, anabwera ndi poto wake.

"Mubweze, alamu. Musati ndi banyira."

Dzina la alamu silinachokenso. Anthu amene aja anakhala abale anga enieni kuposa ena a magazi. Ana anga onse obadwira ku Soche anawasambitsa koyamba ndi Nachisale. Ntchito itandithera chaka china, a Muheya ndiwo ankayenda m'mizere kuuza anthu kuti kuli kalipentala wodziwa zitseko, bola kumulozera chitseko chake. Maluwa ndinabzala ena, ndipo ndinkathirira ndekha, anthu akundiseka podutsa.

Koma tsikulo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangoganiza za a Namakhwa. Ulendo wonse wobwerera pa lole sanandilankhule. Ndinayesa kuwagulira nthochi panjira, anangolandira n'kudya, maso ali kutsogolo.

Titafika ku Thuchila anaitanitsa mbumba yonse pabwalo: apongozi, azilamu, Esnati ali ndi mwana kumbuyo. Ine ndinakhala pambali, mutu uli pakati pa mawondo. Anafotokoza zonse, osasiyako n'chimodzi chomwe, papaya, bedi, maliro, mpaka thobwa ndi galamafoni. Apongozi anga, amene mwamwambo sankayenera n'komwe kundionetsa mano, anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ulendo uno sikunali kutsokomola.

Phokoso litatha, a Namakhwa anakweza dzanja.

"Nyumba ndaiona. Ndi yaing'ono, ndipo mulibe kanthu."

Mtima wanga unagwa.

"Koma anthu ake ndawaonanso. Kumene munthu angaphe mwini nyumba, eni mudzi n'kumupatsa ufa, mwana wathu sakagona ndi njala. Esnati, longedza."

Ndinadumpha. "Zikomo, bambo! Zikomo kwambiri! Ndiye kuti mwandikhulupirira!"

"Khalani pansi. Ndani wakukhulupirirani? Ndikumutumiza kuti madzulo aliwonse aziima pakhomo n'kumakukodolani, musanakaphe munthu wina."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine safunsa ndinapeza abale, koma inu musayesere, si khomo lililonse lili ndi Nachisale.